Mikanda ya M'chitini ku Livingstone

Ulendo wa ku Livingstone ndinali nditaukonzekera kalekale, koma osati uwu. Umene ndinkauyembekezera unali wa ukwati wa Taonga, mwana wa malemu mlongo wanga. Nsalu ndinagula, telala anasoka, nyimbo zoperekezera mkwatibwi ndinkaziyeserera ndikamatsuka mbale. Kenaka mwanayo anasowa. Anaweruka pa loji ina pamene ankachapa ndi kusita zofunda za alendo, anatsanzikana ndi anzake pachipata, koma kunyumba kwa amake ku Dambwa North sanafike. Miyezi inapita, diresi langa la ukwati lili chikhalire m'sutikesi.

Foni imene inandinyamula inandipeza pakhonde kwathu ku Katete ndikuswa mtedza. Anali mawu a mzimayi, odekha, a Chinyanja cha m'tauni chija chodula mawu michira.

"Nikamba na ba anti bake ba Taonga?"

"Ndine azakhali ake. Mwamupeza?"

"Awe mami, sitinamupeze. Ine ndine Sajeni Namakau, wapolisi kuno ku Livingstone. Bamake Taonga ndiye banipasa namba yanu. Bakamba ati ndimwe munamulangiza pamene anali kukonzekela chikwati. Nifuna kufunsako va chizimai. Munamuvalika mikanda mu chiuno?"

Ndinacheuka uku ndi uku kuopa kuti wina wamva. Funso lotere safunsa pafoni, ndipo silichokera kwa mlendo. Koma ndinayankha kuti inde, ndinamuveka ndi manja angawa.

Ndiye anandifotokozera. Atsikana angapo anali atasowa m'tauniyo, onse poweruka kuntchito. Ena anapezeka kutchire atafa, ena osapezeka ngati Taonga. Mlanduwo unawazunguza mitu apolisi mpaka mtsikana wina anapulumuka. Anamuluma dzanja munthu amene anamugwirayo n'kuthawira m'tchire. Nkhope sanaione bwino, koma ananena kuti munthuyo asanachite china chilichonse anayamba wamudula mikanda ndi lumo. Sajeniyo anabwerera kwa amayi amene anasambitsa mitembo ya atsikana opezeka aja, ndipo onse anati m'chiuno munalibe kanthu. Tsopano anali atagwira bambo wina woyendetsa takisi, amene analinso ndi benchi la ziboliboli kufupi ndi mathithi. M'nyumba mwake ku Libuyu, kudenga, anapezako chitini chodzaza mikanda ya m'chiuno. Iye ankati ndi malonda ake, amagulitsa kwa azungu. Abale ena anabwera kudzaona, koma atsikana a masiku ano amagula mikanda yotunga kale pamsika, yofanana yokhayokha, ndiye panalibe amene akanalumbira.

"Mami," anatero sajeniyo, "ngati kulibe muntu azakamba ati uyu mukanda niuziba, ni wa mwana wanga, uyu muntu sitingamusunge masiku yambili. Azachoka. Mungabwele?"

Mlamu wanga, amake Taonga, sakanathandiza ngakhale anali komweko. Kwathu mayi salangiza mwana wobereka yekha. Ntchitoyo ndi ya azakhali kapena agogo, ndipo zimene tamuveka mwana kuchipinda mayi saziona, safunsanso. Amene ankaudziwa mkanda wa Taonga padziko pano ndinali ine ndekha.

Taonani tsono ulendo wake. Ndikakaupeza mkandawo m'chitinimo, ndiye kuti mwana wathu anafa. Ndikapanda kuupeza, tikhalabe ndi chiyembekezo, koma munthu uja mwina atuluka n'kukaimikanso takisi yake pachipata cha loji. Sindinadziwe choti ndipemphe kwa Mulungu.

Polongedza ndinalimbana ndi chitenje chimodzi, chakale cholimba chimene ndimayenda nacho kumaliro, chomangira anamfedwa m'mimba kuti kulira kusawathyole. Ndinachiika m'chikwama, ndinachitulutsanso poganiza kuti ndikumulosera zoipa mwana. Bambo a kunyumba, amene ankandiyang'ana ali pampando, anadzuka, nachipinda, nachiika pansi penipeni pa chikwama.

Basi yochokera ku Chipata inafika kutangocha, itadzaza kale. Mtengo unali utakweranso, ndipo kondakitala anati vuto ndi mafuta. Ndinamuuza kuti chibadwire changa mafutawo sanatsikepo, koma mipando ya m'basi ndiyo ikunka nichepa. Ndine munthu wa pakamwa, a ku Katete amandidziwa, koma tsiku limenelo nthabwala yanga inathera pomwepo. Anandipatsa mpando wa kumbuyo, pamwamba pa tayala, pafupi ndi bambo wina amene anafungatira batire la galimoto pamiyendo ulendo wonse.

Tisanafike pa Sinda mlaliki anaimirira pakati pa mipando, Baibulo kudzanja ili, dzanja linalo atagwira chitsulo cha kudenga. Anapemphera kuti aliyense wa ife akapeze chimene akukafuna kumene akupita. Basi yonse inati ameni. Ine ndinakhala chete, chifukwa chimene ndinkakafunacho sindinkafuna kuchipeza.

Pa Petauke tinatsitsa anthu n'kukweza matumba. Pa Nyimba amayi anathamangira m'mawindo ndi nthochi, ndipo ndinapezeka kuti ndagula phava lalikulu. Taonga ankazikonda nthochi za pa Nyimba kuyambira ali wamng'ono, ndipo nthawi zonse ndikamapita kwawo ndinkamunyamulira. Ndinazindikira zili kale pamiyendo, basi itanyamuka. Kuzitaya pawindo sindikanatha, kuzidya sizikanatsika. Ndinangozifunditsa mpango.

Kupitirira Kacholola msewu umayamba kupindikapindika m'mapiri, ndipo kumeneko n'kumene tinaima. Lole ya simenti inali itagona chopingasa, isanafike pa mlatho wa Luangwa. Magalimoto anandanda mpaka kuseri kwa phiri. Inali nyengo yotentha, tchire atatentha kale, moti pothawira dzuwa panalibe. Amuna anapita kukapereka nzeru kwa anthu okoka loleyo, monga achitira amuna, ife amayi tinakhala m'mphepete mwa basi motsata kamthunzi kake. Mwana wina analira mpaka mawu anatha. Ine ndinakhala pamwala, ndipo zonse zimene ndinkazikankha kuchokera ku Katete zinandipeza pamenepo.

Taonga anadzera msewu womwewu pobwera kudzalangizidwa. Anali mwana wa m'tauni, zikhadabo zopaka utoto, wa chiseko chosachedwa. Mikanda ndinali nditagula kale, yofiira ndi yoyera, ndipo ulusi ndinapota ndekha pantchafu, wochokera ku thumba la feteleza, chifukwa umenewo suduka wamba. Koma ndinagula ndikukumbukira kamtsikana kowonda kamene ndinakaona pa maliro a atate ake. Nditamuyeza, mkanda unaperewera.

"Iwe, kodi ku lojiko umachapa zofunda kapena umadya chakudya cha alendo?"

"Ba anti, si ine, ni masoseji!"

Anaseka mpaka anagwera pamphasa. Linali Lamulungu, pamsika palibe wogulitsa, ndipo m'mawa mwake ankabwerera. Ndiye ndinamasula mkanda wanga. Uli ndi mikanda yakale ya amayi anga, ikuluikulu pang'ono, ya buluu wofwifwa, imene lero simungaipeze pamsika uliwonse. Ndinachotsako ingapo n'kuwonjezera kumapeto kwa wake. Pomanga mfundo ndinamuuza kuti, "Iyi ndi ya agogo ako, amake atate ako. Ukakaitaya usadzabwerenso kuno." Ndinkanena moseka, ndipo nayenso anaseka.

Lole anaikoka dzuwa litapendeka. Tinawoloka mlatho, tinadutsa m'fungo la nsomba zouma za patsidya, kenaka Rufunsa, Chongwe, mpaka Lusaka kutatsala pang'ono kuda. Ndinakagona ku Mtendere kwa Esinati, mnzanga wa paubwana amene amagulitsa zovala za kaunjika. Ndinamuuza zonse tikudya. Anasiya kudya, napukuta m'manja.

"ANaphiri, ndikuuzeni ngati mnzanu. Mukakaupeza, mukanene kuti simukukumbuka. Mlamu wanu uja bipi yake, kuthamanga magazi kuja, mukuidziwa. Chikumudzutsa m'mawa n'choti tsiku lina mwana adzagogoda. Mukamulanda chimenecho, mudzaika maliro awiri."

Ndinamukalipira. Ndinamufunsa ngati ana a anthu ena si ana. Iye anati ana a anthu ena ali ndi apolisi, mlamu wanga ali ndi ine ndekha. Ndinamutcha wopanda mtima, koma mawu akewo ndinanyamuka nawo m'mawa pamodzi ndi chikwama.

Pa siteshoni ya mabasi anyamata oitanira anandikokera uku ndi uku, aliyense akuti yake ikunyamuka pompano. Imene ndinakwera injini inkalira, dalaivala ali pampando, koma inanyamuka dzuwa litakwera ndithu. Titawoloka Kafue n'kuyamba kukwera mapiri a ku Mazabuka, nkhani imene ndinkaiopa inayamba kumbuyo kwanga.

"Mwamvela? Bamugwila uja wa ku Livingstone."

"Awe, si yeve. Uja ni dalaivala chabe. Bene bake ni bantu bakulu, va bizinesi ivi."

"Ine namvela ati si wa muno, anachokela ku boda."

Aliyense anali ndi msuweni wapolisi amene anamuuza zoona zenizeni. Wina anati munthuyo amasanduka fisi. Anakambirana mokoma, akudya chimanga chootcha, ngati akukamba za mpira. Ndinapirira mpaka mzimayi wina wa wigi yofiira anaponyapo ake.

"Nabeve bakazi ba masiku ano, bakwela motoka iliyonse. Bazifunila beka."

Ndinatembenuka. "Mayi, mwana woweruka kuntchito miyendo itatupa mumafuna akwere chiyani, ngolo ya ng'ombe? Inuyo basi ino munayamba mwafufuza mtima wa dalaivala?"

Anandiyang'ana, nayang'ana pawindo. Kumbuyo kuja kunati zii mpaka tinadutsa minda ya nzimbe. Sindinamve kukoma kulikonse.

Pa Monze munthu wa pambali panga anatsika, ndipo pampandopo panakhala mayi wina wachikulire, wowonda, wa duku loyera. Anandipatsa moni m'Chitonga, ine ndinayankha m'Chichewa, tinamvana. Katundu analibe, koma kachikwama kakang'ono ndi kampango komanga mfundo kamene anakafumbata osakasiya, ngakhale popereka tikiti.

Pa Choma anthu anatsika kukagula nkhuku ndi tchipisi. Ife awiri tinatsala m'basi. Titadutsa Kalomo kunayamba kununkha ngati mphika wopserera, kenaka nthunzi inatuluka kutsogolo, basi n'kuima pakati pa tchire. Paipi ya madzi inali itaphulika. Dalaivala anayesa kuimanga ndi mphira, tinayenda pang'ono, inaphulikanso. Kondakitala anakwera galimoto yobwerera ku Kalomo kukafuna ina, ife n'kutiuza kuti tisadandaule, abwera pompano. Pompano wa anthu a mabasi ndinali nditamudziwa kale ku Lusaka.

Tinakhala pansi pa mtengo wopanda masamba, ine ndi mayi uja. Ntchentche zinatipeza. Nthochi zinali zitayamba kuda ndi kutentha, ndiye ndinathyola ziwiri n'kumupatsa. Kuti asende anayenera kuika kampango kaja pamiyendo, ndipo mfundo inamasuka. Munali mikanda yosatunga, yakuda ndi yachikasu, yodzaza chikhatho chimodzi. Mayi aliyense amene anatungapo mkanda amaidziwa imeneyo. Ndi yotsala potunga.

"Mayi, mikandayi mukupita nayo kuti?"

Chinyanja chake chinali chochepa. "Ku polisi. Baniitana. Mwana wa mwana wanga, Choolwe. Anali kugulisa mu shopu."

"Inenso andiitana. Wanga ndi Taonga."

Anandigwira dzanja. Ndinene zoona, m'mtima mwanga munabwera pemphero loipa. Ndinati Ambuye, ngati pafunika mkanda umodzi woti munthuyo asatuluke, ukhale wa mayi uyu. Anali akudya nthochi zanga, dzanja lake lili m'dzanja langa, ine ndikumupempherera maliro. Ndinkaganiza kuti nayenso akundipempherera zomwezo, ndipo zimenezo zinkandipepuza. Koma iye anati:

"Ine nalema. Galimoto ikaima pa mseu, nituluka panja. Galu akakuwa, nituluka panja. Nikaupeza, nizalila, nizagona."

Ndinamuthandiza kutola mikanda iwiri imene inagwera m'fumbi, iye namanganso mfundo yake.

Kondakitala anabwera ndi paipi yosakhala ya basi imeneyo, koma anaikakamiza mpaka inalola. Tinayenda pang'onopang'ono, tikuima kuthira madzi. Pa Zimba sitinachedwe. Tinalowa mu Livingstone dzuwa likulowa, ndipo anthu a kumbuyo aja anayamba kuloza kumene kuli mathithi. Ine sindinayang'aneko. Agogo a Choolwe anatengedwa ndi mbale wawo, titapangana kuti tionana m'mawa ku polisi.

Mlamu wanga anali akundidikira pa siteshoni. Ndinamuzindikira ndi chitenje cha Chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, chifukwa thupi linali litatha. Madalaivala a takisi anatizungulira, koma iye anandikoka dzanja mwamphamvu kupita ku minibasi. Anati masiku ano mzimayi sakwera takisi m'tauni muno, ngakhale mvula igwe.

Kunyumba yunifolomu ya Taonga inali pa hang'ala kuseri kwa chitseko, yosita bwino. Mapoto a ukwati anali m'makatoni pakona. Nthochi zotsala ndinazisiya patebulo, ndipo mlamu ataziona anamwetulira.

"Za pa Nyimba. Mwachita bwino mlamu, akabwera adzadandaula kuti zinatha iye kulibe." Anakhala pansi moyang'anana nane. "Ine mtima wanga ukundiuza kuti ali ku Kazungula, kapena anawoloka boda. Alipo wina anamunamiza za ntchito, manje akuchita manyazi kubwera. Mawa mukangoona kuti mulibe, tibwerere. Mukapeza mulibe ndiye kuti ali moyo, si choncho mlamu?"

Ndinati tiona mawa. Mawu a Esinati anali akulira m'makutu mwanga.

M'mawa tinapeza agogo a Choolwe atafika kale, atakhala pabenchi m'khonde. Sajeni Namakau anatuluka kudzatilandira. Ndinkayembekezera chimzimayi cha yunifolomu, koma anali wamng'ono thupi, wovala siketi wamba ndi nsapato zafumbi, maso ofiira ngati munthu wosagona. Anatigwadira pang'ono potipatsa moni. Anauza mlamu kuti adikire panja, ndipo mlamuyo anakakhala pansi pa mtengo wa mango pabwalo, chikwama changa chili pambali pake.

Anayamba kulowa agogo aja. Anakhalitsamo. Potuluka kampango kaja kanali kali m'manja, ndipo anangopukusa mutu n'kukhalanso pabenchi.

Kenaka sajeniyo anandiitana. Chipindacho chinali chaching'ono, cha windo limodzi, ndipo amuna onse anali atawatulutsa. Patebulo anayala nsalu yoyera, ndipo pansaluyo anandandalika mikanda, uliwonse pawokha. Sindinaiwerenge, ndipo sindifuna kudziwa. Yonse inali yoduka, osati pamfundo, koma pakati, pamene lumo linadutsa. Munthuyo ankamanganso nsonga zake kuti isayoyoke.

Ndinauona ndisanafike n'komwe patebulo. Unali chakumapeto, wofiira ndi woyera, ndipo pafupi ndi mfundo panali ya buluu ija.

Ndinayambira mbali inayo. Ndinaweramira mkanda uliwonse ngati ndikuuyeza, ndikupukusa mutu, kuti ndichedwe kufika. Sajeniyo sanandifulumize. Anaima pakhomo manja ali kumbuyo. Pawindo ndinkamuona mlamu pansi pa mango, akuthamangitsa ntchentche pa chikwama changa, akuyang'ana kuchipata nthawi iliyonse munthu akalowa. Kunena kuti sindikukumbuka kunali kosavuta. Ndine wachikulire, maso anayamba kuchita chifunga, palibe akanandiimba mlandu. Tikanakwera minibasi, mlamu akanasitanso yunifolomu ija, ndipo akanadya nsima madzulo amenewo.

Koma nsonga zomanganso zija zinandikanika. Munthu ameneyu anakhala pansi, mwina atadya, n'kumanga bwinobwino ulusi umene ndinapota pantchafu panga, kuti mikanda ya amayi anga isatayike m'chitini mwake. Ndipo pansalu paja, kupitirira wa Taonga, panali malo otsala, okwana mikanda ya ana ena.

"Uwu," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono. "Uwu ndi wa mwana wathu."

Sajeniyo anayandikira. "Mami, pepani. Nifunika kufunsa, chifukwa ku khoti bazafunsa. Mwauziba bwanji? Yofiila na yoyela ni yambili."

Ndinayang'ana kuchitseko, iye nachikhoma. Ndinamasula chitenje, ndinakweza bulauzi, n'kumuonetsa chimene sanaonepo munthu wina kupatula mwamuna wanga ndi Taonga. Anagwada nayang'anitsitsa wanga, nayang'ana wa patebulo. Buluu wake yemweyo, kukula komweko, kufwifwa komweko, ulusi womwewo wa thumba la feteleza. Ndinamuuza za Lamulungu lija, za masoseji, za mkanda woperewera. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Uyu sangakambe ati anagula ku maliketi," anatero motsitsa mawu. "Manje azatiuza kwamene anamusiya. Koma mami, nipempha chintu chovuta. Wanu ufunika usale kuno, uyende pamozi na uyu."

Anatulutsa kasizasi m'dirowa. Ndinakana. Ndinati m'chipinda muno yoduka yakwana. Ndinapempha pini, ndipo ndinalimbana ndi mfundo ija, imene ndinaimanga tsiku lomwe ndinamanga ya Taonga. Inali italimba ndi thukuta, koma inamasuka. Ndinauika ndekha pansalupo, pambali pa wa mwana. Chikwatiwire ndinali ndisanayendepo m'chiuno mopanda kanthu, ndipo ndinamva kuzizira ngakhale kunali kotentha.

M'khonde agogo a Choolwe anadzuka atandiona.

"Mwapeza?"

"Ndapeza."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Imwe muzagona," anatero. Anafumbata kampango kake n'kuyamba kufunsa njira ya ku siteshoni.

Kuchokera pakhonde kukafika pa mango si patali, koma ndinayenda ngati ndasenza mtolo wa nkhuni. Mlamu anaimirira, akukutumula fumbi kumbuyo.

"Mulibe, eti mlamu? Nanena ine. Tiyeni, minibasi zivuta masana."

Ndinagwada, ndinatsegula chikwama, ndinachotsa zovala zanga chimodzichimodzi n'kuziika pafumbi mpaka ndinafika pansi penipeni. Iye ankandiyang'ana. Ataona chitenje chimene ndinatulutsa anabwerera m'mbuyo, akupukusa mutu.

"Ayi mlamu. Ayi. Bwezerani."

Ndinadzuka, ndinachizunguliza m'mimba mwake, ndipo ndinakoka mwamphamvu monga timachitira. Anagwira manja anga kuti andiletse, kenaka anawasiya, nakweza mikono yekha kuti ndimange bwino.